Nkhupakupa Ilibe Mapiko, Nanga Yafika Bwanji Kutali Chotere?

Pakhomo pathu padali galu dzina lake Kambuku. Adali galu wamba wakumudzi, wofiirira, wa makutu oima, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi palibe fisi kapena mbala imene idayandikira khola la mbuzi iye osatidzutsa. Chaka china m'mwezi wa Febuluwale, udzu utatalika, tidaona kuti waleka kudya. Tsiku loyamba tidati wakhuta za kutchire. Tsiku lachiwiri adangogona pakhonde, mutu uli pansi, akupuma mwawefuwefu. Tsiku lachitatu mwana wathu wamng'ono ndiye adatiitana kuti tidzaone mkodzo wa galuyo, umene udali wodera ngati tiyi wopanda mkaka. Titamkanula kukamwa tidapeza nkhama zake zayera ngati pepala. M'makutu ndi m'khosi mudali nkhupakupa zosawerengeka, zimene tidali kuziona masiku onse koma osaziyesa kanthu, pakuti tidakula tikudziwa kuti galu ndi nkhupakupa salekana.

Mnzathu wina woweta ng'ombe, pofuna kutithandiza, adabwera ndi mankhwala amene amabayira ng'ombe zake, nayerekeza muyeso wake ndi maso. Kambuku adafa usiku wotsatirawo. Mlangizi wa ziweto amene tidamfotokozera pambuyo pake adatiuza zinthu ziwiri zimene zidatiwawa: nthendayo idali yochizika tikadafulumira, ndiponso muyeso umene tidambaya udali wopitirira kwambiri.

Takumbukira nkhani imeneyi chifukwa madokotala a ziweto m'maiko ambiri akudandaula kuti nkhupakupa zikupezeka kumalo kumene kale kudalibe, ndipo agalu a kumeneko akudwala nthenda zimene eni ake sadazionepo. Ife kuno nkhupakupa si mlendo. Komabe tikamva m'mene zafalikira kwa anzathu, tidzazindikira kanthu kena kokhudza makomo athu.

Tiyambe ndi kachirombo keniko. Ana asukulu amaika nkhupakupa m'gulu limodzi ndi nsabwe ndi nthata, koma mbale wake weniweni ndi kangaude, pakuti ikakula ili ndi miyendo isanu ndi itatu. Padziko lonse pali mitundu yake pafupifupi 900. Siuluka, sidumpha ngati nthata, ndipo payokha siyenda mtunda wautali. Mitundu yambiri imangokwera pansonga ya udzu nitambasula miyendo yakutsogolo, imene imanunkhizira nayo mpweya ndi thukuta la nyama yodutsa, ndipo nyamayo ikakhudza udzuwo imakakamira. Nkhupakupa zambiri zoluma agalu zimayamwa magazi katatu pamoyo wawo. Kamwana kongoswedwa kumene, kochepa ngati kambewu ka fodya, kamayamwa masiku angapo, kagwa pansi ndi kufundula. Kakwera nyama ina, kayamwanso, kagwanso ndi kufundulanso. Kachitatu ikwera itakula. Yaikazi ikakhuta imatupa nkufanana ndi njere ya nsatsi. Azungu akale adaona kufananaku, kotero kuti dzina la nsatsi m'Chilatini, ricinus, ndilo dzina lawo la nkhupakupa. Ikatero imagwa pansi, niikira mazira zikwi zingapo, nkufa.

Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kumafalitsa matenda, chifukwa chimene idayamwa mwa galu wodwala imakachilavulira mwa galu wabwinobwino. Ndiko kumafalitsanso nkhupakupazo. Ikakwera galu ku Mchinji, galuyo nakwezedwa pagalimoto, ikatsikira ku Zomba osaponda pansi ndi kamodzi komwe.

Agalu a ku Harlow

Dziko la Britain ndi chilumba, ndipo kwa zaka zambiri lidali ndi malamulo okhwima pa agalu olowa m'dzikomo. Limodzi mwa malamulowo lidali lakuti galu aliyense wochokera kutsidya kwa nyanja ayambe wathiridwa mankhwala ophera nkhupakupa. Lamulo limeneli lidachotsedwa mu Januwale 2012 pofuna kuti malamulo a dzikolo afanane ndi a maiko ena a ku Europe. Zitapita zaka zinayi, kumayambiriro kwa 2016, agalu angapo a m'tauni ya Harlow, m'chigawo cha Essex kufupi ndi London, adadwala kwambiri. Zizindikiro zake zidali zomwe zija za Kambuku wathu: kutentha thupi, kufooka, nkhama zoyera ndi mkodzo wofiira. Poyeza magazi madokotala adapezamo kachirombo kotchedwa Babesia canis. Chimene chidawadzidzimutsa nchakuti agaluwo sadatulukepo m'dzikomo chibadwire. Atafufuza adapeza kuti agaluwo adali kuyendetsedwa pamalo amodzi a udzu m'taunimo, ndipo m'udzumo mudali nkhupakupa za mtundu wa Dermacentor reticulatus zokhala ndi kachiromboko. Palibe amene adaiona nkhupakupa yoyamba ikutsikira pamenepo, koma ambiri adakumbukira lamulo lija lidachotsedwali.

Ku Australia zinthu zidaipa koposa. Nkhupakupa yakhofi ya agalu, yomweyi tili nayo kunoyi, idali kumpoto kwa dzikolo kuyambira kale, koma idalibe kachirombo koopsa kotchedwa Ehrlichia canis. Dzikolo lidali kunyadira kuti nthenda imeneyi kwawo kulibe. Mu Meyi 2020 idapezeka mwa agalu a ku Kununurra ndi ku Halls Creek, m'dera la Kimberley. Mu Juni chaka chomwecho idapezekanso ku Katherine ndi kumidzi ya kuzambwe kwa Alice Springs, makilomita mazanamazana kuchokera kumene idayamba kuoneka. Mu 2021 idafika kumpoto kwa South Australia, ndipo mu 2022 ku Queensland. Boma lidaika malamulo pa kayendetsedwe ka agalu, koma madzi adali atafika kale m'khosi. Amene adataya agalu ochuluka ndi anthu a m'midzi yakutali ya eni nthaka a dzikolo, kumene agalu amayenda momasuka monga kwathu kuno, ndiponso kumene dokotala wa ziweto amafikako patalipatali. Tikamawerenga za midzi imeneyi sitimva ngati nkhani yachilendo.

Nthenda ya Ehrlichia si yatsopano pansi pano. Idadziwika koyamba muno mu Africa, ku Algeria, m'chaka cha 1935, ndipo amene adaizindikira ndi madokotala awiri Achifalansa, Donatien ndi Lestoquard. Idatchuka m'zaka za m'ma 1960 pamene idapha agalu ambiri a asilikali a America pankhondo ya ku Vietnam, ndipo ambiri mwa iwo adali a mtundu wa German Shepherd. Mtundu umenewu tiukumbukire, tibwereranso kwa iwo.

Ku America kudachitika china. Mu 2017 nkhosa ina ya m'boma la Hunterdon ku New Jersey idapezeka itadzazidwa ndi nkhupakupa za mtundu umene kwawo nkuvuma kwa Asia. Yaikazi ya mtundu umenewu imaikira mazira oswa bwinobwino popanda yaimuna, motero imodzi yokha ikwanira kuyambitsa mudzi. Pofika mu 2023 idali itapezeka m'zigawo 19 za dzikolo, pang'ombe, pa agwape, pa agalu ndi pa anthu omwe.

Koma kunyamulidwa kokha sikukwanira. Mbalame zosamukasamuka zakhala zikunyamula nkhupakupa kunka nazo kumaiko ozizira kuyambira makedzana, ndipo chisanu chidali kuzipha zisanaswane. Tsono nyengo yasintha, chisanu chafupika, ndipo zimene kale zidali kufa tsopano zikukhazikika. Ku Canada, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nkhupakupa ya miyendo yakuda idali yodziwika kuti yakhazikika pamalo amodzi okha, pa Long Point m'mbali mwa nyanja ya Erie. Kuchokera pamenepo yafalikira m'madera aakulu a Ontario, Quebec, Manitoba ndi Nova Scotia. Imeneyi ndiyo imafalitsa nthenda ya Lyme, imene imatsimphinitsa agalu ndipo nthawi zina imaononga impso zawo, komanso imagwira anthu. Mu 2009 anthu amene adalembedwa kuti adwala nthendayi ku Canada adali 144. Mu 2021 adapitirira 3,000.

Si zachilendo kwa ife

Wina anganene kuti zonsezi nza kutsidya kwa nyanja. Koma makolo athu a kumwera kwa Africa adaiona nkhani yomweyi pang'ombe zawo. Mliri wa m'ma 1896 utatha ng'ombe zambiri, azungu adayamba kuitanitsa zina kuchokera kwina. Mu 1901 ng'ombe zochokera ku Dar es Salaam zidatsitsidwa padoko la Beira nkupita nazo ku Umtali, kumene lero timati Mutare. Ng'ombezo zidabwera ndi East Coast Fever, nthenda imene anzathu a kuvuma kwa Zambia amaitcha chigodola. Nkhupakupa za m'makutu a ng'ombe zimene zidali kale m'dzikomo zidailandira nkuifalitsa. Mu 1902 idali itabuka m'Rhodesia, kenaka idalowa m'Transvaal, ndipo ng'ombe zimene zidafa kumwerako zidapitirira miliyoni imodzi. Madibi amene ife tidakula tikuwaona adafalikira pofuna kulimbana ndi nthenda zotere. Ife amene tidali anyamata m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira tsiku la dibi, fumbi lili koboo, ndi m'mene tidali kuponyeramo agalu athu ng'ombe zikatha kusamba. Madibi ambiri adaleka kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1990, ndipo agalu a kumudzi adataya kusamba kumeneko osadziwa ndi munthu yemwe.

Agalu a kuno amalumidwa kawirikawiri ndi mitundu iwiri. Woyamba ndi nkhupakupa yachikasu ya m'udzu, imene imafalitsa Babesia rossi. Mwa mitundu yonse ya Babesia yogwira agalu, umenewu ndiwo waukali kopambana, woposa uja wa ku Harlow. Nkhandwe zimakhala nako kachiromboka m'magazi osadwala, koma kakalowa mwa galu kamachita monga malungo achitira mwa munthu: kamalowa m'timagawo tofiira ta magazi, kaswana m'menemo ndi kutiphulitsa. Ndicho chifukwa chake nkhama zimayera, kapamba amatupa, mkodzo umafiira, ndipo pena maso amachita chikasu. Zizindikiro zimaoneka patapita sabata ziwiri kapena zitatu chilumidwire, koma zikaoneka galu angathe kufa m'masiku owerengeka.

Wachiwiri ndi nkhupakupa yakhofi ija, ndipo imeneyi tiyenera kuidziwa bwino, pakuti sisowa tchire. Imaswana m'nyumba momwe, m'ming'alu ya zipupa, pansi pa chiguduli chogonera galu, m'mipata ya njerwa za mpanda, ngakhale kudenga, popeza imakonda kukwera. Yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 4,000, ndipo yaikulu ingathe kukhala m'mng'alu miyezi yambiri osadya, kudikira galu. Banja lolowa m'nyumba ya lendi imene mudakhala galu lingapeze kuti lalandira alendo amene mwini nyumba sadawatchule. Imeneyi ndiyo imafalitsa Ehrlichia, nthenda yonyenga. Galu amatentha thupi, maso amachita manthongo, kenaka amaoneka ngati wachira. Papita miyezi amayamba kuonda, kutuluka kamfuno, ndi kuchita timadontho tamagazi m'nkhama, chifukwa magazi ake aleka kuundana. Pofika pamenepo kuchiza kumavuta. Kafukufuku wa magazi a agalu a m'mizinda ikuluikulu ya Malawi, amene adasindikizidwa mu 2021, adapeza tizirombo tonse tiwiri, Babesia rossi ndi Ehrlichia canis, pamodzi ndi tina.

Tsono taganizani m'mene agalu akuyendera masiku ano. Chifukwa cha kuchuluka kwa umbava, mabanja ambiri a m'tauni akugula agalu aakulu olondera, ena ochokera kutali monga ku South Africa. Mwana wogwira ntchito ku Lilongwe amatumizira makolo ake kamwana kagalu pabasi. Mphunzitsi kapena wapolisi akasamutsidwa, galu amakwera palole pamwamba pa mipando. Agalu akumudzi amene adakula akulumidwa amapirirako, ngakhale kuti Kambuku wathu sadapirire, ndipo ena amayenda ndi kachirombo m'magazi akuoneka athanzi. Galu wobwera, makamaka German Shepherd uja, sakhala ndi mphamvu imeneyi, ndipo taona mabanja atataya ndalama zambiri pagalu amene sadathe ndi chaka chomwe. Ife tiona kuti kugula galu wamtengo wapatali popanda kuwerengera mtengo wa mankhwala ake nkudzinyenga. Ndiponso wopereka galu kwa mbale wake osayamba wamchotsa nkhupakupa wapereka mphatso ziwiri, ina yosafunika.

Makolo adziwenso kuti nkhaniyi siithera pa agalu. Galu sapatsira munthu Babesia kapena Ehrlichia pomnyambita kapena pomluma monga achitira ndi chiwewe. Koma nkhupakupa yakhofi imalumanso anthu, ndipo akatswiri adaona kuti kukatentha kwambiri imaluma anthu kuposa nthawi zina. Muno mu Africa imapatsa anthu nthenda yotentha thupi yofanana ndi malungo, yokhala ndi mutu, mwanabere, ndi kachilonda kakuda pamalo polumidwapo. Kumidzi ina ya ku Arizona kuyambira m'ma 2003, ndi mumzinda wa Mexicali ku Mexico kuyambira 2008, nkhupakupa yomweyi idafalitsa nthenda yoopsa koposa, ndipo ana ambiri adali m'gulu la amene adafa, pakuti ndiwo amasewera pansi pamodzi ndi agalu. Mwana akatentha thupi, kuchipatala napezeka kuti alibe malungo, tiwauze a chipatala ngati pakhomo pali nkhupakupa.

Zimene manja athu angathe

Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Galu akamapukusa mutu ndi kukanda khutu kosalekeza, tisangomthamangitsa pakhonde, timgwire timuone. Kachirombo ka Babesia kamafuna kuti nkhupakupa ikhale ikuyamwa tsiku lathunthu kapena masiku awiri kasanalowe mwa galu, kotero amene amafufuza galu wake madzulo alionse amadula njira ya nthendayi popanda kulipira tambala. Ehrlichia imalowa msanga kuposa pamenepo, m'maola ochepa, nchifukwa chake kufufuza kokha sikuthetsa zonse, komabe kumachepetsa kwambiri. Ntchito imeneyi ingakhale ya anyamata ndi atsikana okulirapo akaweruka kusukulu. Ayendetse zala mobwerera ndi ubweya, aone m'kati ndi kuseri kwa makutu, kuzungulira maso, m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mchira, ndi m'mipata ya zala za kumapazi, kumene ambiri timaiwala.

Pochotsa, igwireni kufupi ndi khungu ndi kambaniro kakang'ono, kapena ndi zala zokutidwa m'kapepala kapulasitiki, ndipo kokani pang'onopang'ono mosatsitimula. Musaifinye pamimba, musaitenthe ndi chikuni ikadali pagalu, ndipo musaipake mafuta kudikira kuti igwe yokha, pakuti ikasautsidwa ingalavulire zambiri m'chilondamo. Chizolowezi chathu choiphwanya ndi zikhadabo kapena kungoitaya pabwalo tichileke. Yotayidwa pabwalo yapatsidwa malo oikira mazira. Iponyeni pamoto kapena m'kabotolo ka palafini, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Pa za mankhwala tinenepo mosabisa, popeza ndipo tidapunthwa ife. Berenil, amene alimi amabayira ng'ombe, amachizadi Babesia mwa agalu, koma malire a pakati pa muyeso wochiza ndi muyeso wakupha ngoyandikana kwambiri. Akapitirira, kapena akabwerezedwa posakhalitsa, amaononga ubongo wa galu. Galu ayenera kuyezedwa pasikelo, ndipo wombaya akhale dokotala kapena mlangizi wa ziweto. Ehrlichia imachizidwa ndi doxycycline kwa masiku 28 osadumphitsa. Ambiri amaleka pasabata yoyamba galu akayamba kudya, ndipo nthenda imabwerera. Brufen ndi Panado za m'kabati mwathu si za ziweto: Brufen amaononga chifu ndi impso za galu, ndipo Panado amapha mphaka. Oyilo wakuda wa galimoto, palafini ndi mankhwala opopera thonje kapena matimati zisakhudze khungu la galu, pakuti iye adzadzinyambita, ndipo ana adzamgwira.

Mankhwala oteteza alipo a mitundu ingapo. A dibi, monga a amitraz, amagwira ntchito akasungunulidwa monga mwa malangizo a pabotolo ndi kubwerezedwa panthawi yake. Kuwonjezera muyeso kuti zife msanga kumaledzeretsa galu, ndipo tiana tagalu tating'ono sitiyenera kusambitsidwa nawo. Alipo odontheza pamsana kamodzi pamwezi, malamba a m'khosi ogwira ntchito miyezi ingapo, ndi mapiritsi amene adayamba kugulitsidwa mu 2014, ena mwa iwo oteteza galu sabata 12. Mtengo wake ngwokwera kwa ambiri a ife, koma amene adakwanitsa kugula galu wakunja alibe chowiringula. Amene ali ndi mphaka pakhomo asamale ndi mankhwala a permethrin, chifukwa galu amawapirira koma mphaka amafa nawo.

Tisaiwale kuti nkhupakupa zimene tiziona pagalu nzochepa poyerekeza ndi zimene zabisala pomwe amagonapo. Kusambitsa galu nkumbwezera pachiguduli chakale nkutunga madzi ndi dengu. Chiguduli chiwiritsidwe kapena chitenthedwe, ming'alu imatidwe, pakhonde pazilidwe, udzu wozungulira nyumba utchetchedwe makamaka m'dzinja, ndipo khola la galu lipoperedwe mpaka m'mwamba. Galu wobwera kumene, kaya wagulidwa kaya wapatsidwa, achotsedwe nkhupakupa asananyamuke kumene akuchokera, ndipo akafika akhale payekha sabata ziwiri kapena zitatu tikumuyang'anira. Abale athu okhala ku South Africa kapena ku Britain amene amayenda ndi agalu awo podutsa malire achite chimodzimodzi, ngakhale pamene lamulo silikuwakakamiza.

Pali kachitidwe kamodzi kamene mlangizi uja adatiphunzitsa, ndipo ife taphunzitsa ana a pakhomo pathu. Tukulani mlomo wa galu wanu lero akadali bwino, muone mtundu wa nkhama zake, zimene ziyenera kukhala zofiirira ngati mkati mwa chikope chanu. Dinani ndi chala, zidzayera, ndipo mukachotsa chala zidzafiiranso musanawerenge kufika pawiri. Galu amene tili naye tsopano, mdzukulu wa mlongo wake wa Kambuku, adazolowera kotero kuti akationa tikubwera ndi kabotolo ka palafini madzulo amagona chagada yekha. Mwezi wathawu tidamchotsa nkhupakupa zisanu ndi ziwiri tsiku limodzi atabwera kosaka mbewa ndi anyamata, zinayi mwa izo zidali m'mipata ya zala.